Naziha ndi Bango Loonera Mwezi

Naziha anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali ndi khumbo limodzi lokha. Ankafuna kuti bambo ake aone mwezi.

Mukuseka? Musaseke. Sindikunena mwezi waukulu uja, ayi. Umenewo ngakhale bulu amauona. Ndikunena mwezi watsopano. Kamwezi kakang'ono, kowonda ngati chikhadabo.

Ine ndine Tijani. Ndine wometa. Ndameta mitu yonse ya m'tawuni yathu ino, kum'mwera kwa Tunisia. Nkhani ya Naziha ndimaidziwa bwino. Ndinalipo ine. Ndipo ndinachita manyazi. Koma dikirani, tifika pamenepo.

Bambo a Naziha anali a Mabruk. A Mabruk ankasunga kiyi ya nsanja ya mzikiti. Inali kiyi yaikulu. Inali kiyi yakuda, yolemera. Ankaivala m'khosi pa chingwe. Agogo awo anaivalapo. Bambo awo anaivalapo. Tsopano inali yawo.

Mwezi wakale ukatha, a Mabruk ankatsekula nsanja. Ankakwera pamwamba ndi amuna ena. Ankayang'ana kolowera dzuwa. Mwezi watsopano ukaoneka, ankafuula.

"Ndauona!"

Munthu wachiwiri ankayenera kuuonanso. Mboni zikakwana ziwiri, a Shehe, mkulu wa mzikiti, ankalamula ng'oma. Ng'oma ikalira, tawuni yonse inkadziwa kuti mwezi wayamba.

Koma maso a a Mabruk anayamba kufooka. Tsiku lina anathira mchere mu tiyi. Tsiku lina anapereka moni kwa thumba la makala. Anadikira kuti liwayankhe.

Kometera kwanga anthu ankanena.

"Mkulu uja sakuona bwino."

"Nanga mwezi wa Idi adzauona bwanji?"

Ine ndinkanola lumo langa. Ndinkati, "Musadandaule. Maso anga ndi akuthwa kuposa lumo ili." Ndinene zoona. Kiyi ija ndinkaifuna. Ndinkaifuna kwambiri.

Mwezi wosala kudya wa Ramadani unafika. Kusalako kumatha ndi chikondwerero cha Idi. A Shehe anaitana a Mabruk.

"A Mabruk, m'bale wanga," anatero a Shehe. "Ndikunena izi mtima ukundiwawa. Mwezi wa Idi mukapanda kuuona, kiyi mudzapatse wina."

A Mabruk anagwira kiyi yawo. "Ndamva," anatero.

Naziha anamva nkhaniyi. Kwathu nkhani sizigona panjira.

Madenga a kwathu ndi athyathyathya. Denga ndi malo a amayi. Amayanikapo zovala. Amayanikapo tsabola. Amuna sakwerako.

Naziha ankakwera padenga tsiku lililonse. Ankakwera dzuwa likamalowa. Ankatenga khala kukhitchini. Ankatambasula dzanja kutsogolo. Ankatsinzina diso limodzi. Kenako ankawerenga zala zake.

"Dzuwa apa. Mwezi apo."

Ankalemba pakhoma. Kadontho ka dzuwa. Kachikhadabo ka mwezi. Anachita zimenezi kwa zaka ziwiri.

Amayi ake, a Zakia, ankakalipa.

"Iwe Naziha! Khoma langa! Laimu ndapaka dzana lomweli!"

"Si litsiro, Amayi. Ndi mwezi."

"Mwezi wakuda unauona kuti iwe?"

A Zakia ankakalipa ndithu. Koma khomalo sanalipukute.

Khoma lija linamuphunzitsa Naziha zinthu. Mwezi watsopano umatsatira dzuwa. Sukhalitsa. Umangosuzumira, kenako n'kulowa. Ndiponso sutsika chowongoka. Umatsika chopendekera, chakumanja.

Naziha anali ndi bango. Analidula kumtsinje wa kuminda ya kanjedza. Analiboola ndi waya. Ukayang'ana m'bango, kuwala kwa m'mbali sikukusokoneza. Diso limapita pamalo amodzi basi.

Tsiku lina anakhala pafupi ndi bambo ake.

"Ababa, ndidzapite nanu kunsanja."

"Atsikana sakwera kunsanja, mwana wanga."

"Chabwino. Ndidzauona padenga. Ndidzakukupizirani nsalu. Inu mudzangofuula."

A Mabruk anapukusa mutu.

"Ayi, Naziha. Mboni imanena zimene yaona ndi maso ake. Ngati sindinaone, sindinaone."

"Koma adzakulandani kiyi!"

"Adzatenge. Bodza lokha ayi."

Naziha anayang'ana bango lake.

Tsiku la makumi awiri ndi asanu ndi anayi linafika. Ili ndi tsiku loyang'ana mwezi. Ukaoneka, mawa ndi Idi. Ukapanda kuoneka, timasalanso tsiku limodzi.

Kometera kwanga kunadzaza. Aliyense ankafuna kumeta. M'nyumba zonse amayi ankakanda ufa. Ankakonza timakeke ta tende, zipatso za kanjedza. Mathireyi ankadikira pakhomo. Ng'oma ikalira, ana amathamanga nawo ku uvuni waukulu wa tawuni.

Madzulo tinakwera kunsanja. Panali a Mabruk. Panali a Shehe. Panali ine ndi amuna ena anayi. Ine ndinavala malaya atsopano. Ndinali nditakonzeratu chingwe cha kiyi m'thumba. Inde, ndinachita zimenezo!

Dzuwa linalowa. Tinadya tende. Tinamwa madzi. Kenako tonse maso kumwamba.

Kumadzulo kunali fumbi. Kunali kofiira psuu. Ndinayang'ana uku. Ndinayang'ana uko. Ndinatong'ola maso mpaka misozi. Kalanga ine, palibe!

"A Tijani, lumo lija labuntha?" anafunsa mnzanga wina.

"Khalani chete. Mukundisokoneza."

A Mabruk ankayang'ana. Ankapukuta maso. Ankayang'ananso.

Nthawi yomweyo Naziha anali padenga. Anatambasula dzanja. Anatsinzina diso limodzi. Anawerenga zala.

"Dzuwa apa. Mwezi apo."

Ndipo unalipo! Kamwezi kowonda ngati ulusi.

Naziha anatola bango lake. Anatsika masitepe. Anadutsa kukhitchini. Anatapa ufa wokanda wodzaza dzanja.

"Iwe Naziha! Ufa wanga!"

"Ndibweza, Amayi!"

"Ubweza chiyani? Bwerera kuno!"

Koma Naziha anali atapita kale. Anathamanga m'tinjira. Anadutsa bulu. Anadumpha mathireyi. Anafika pansanja. Anakwera masitepe, awiriawiri.

Ndinamva mapazi. Ndinaima pakhomo la pamwamba. Ndinatambasula manja.

"Iwe mwana, ukupita kuti?"

"Ndauona, Amalume! Ndauona!"

"Mawu a mwana sawerengedwa."

"Ndikudziwa. Ndabwera kudzaonetsa Ababa."

"Atsikana sakwera kuno!"

Ndinanena mokweza. Ndinanena ngati nsanjayo ndi yanga. Ndikakumbukira, makutu amanditentha.

A Mabruk anatembenuka. Anakweza kiyi ija m'mwamba.

"A Tijani, kiyi iyi ikadali m'khosi mwanga. Mulekeni mwana adutse."

Ndinayang'ana a Shehe. A Shehe anasisita ndevu.

"Mwezi sudikira," anatero. "Mulekeni adutse."

Ndinapatuka.

Naziha anamata ufa uja pakhoma la nsanja. Anakanikizapo bango. Bango linaima nji. Analisuntha pang'ono. Anasuzumiramo.

"Ababa, bwerani. Ikani diso apa."

A Mabruk anagwada pang'onopang'ono. Mawondo awo analira. Anaika diso pabango.

"Sindikuona kanthu, mwana wanga."

Naziha anasuzumiramo. Mayo! Mwezi unali utachoka m'bango. Unali utatsika. Bambo ake anachedwa kugwada.

"Mwaona?" ndinatero ine. "Masewera a ana awa."

Mwezi unkatsikira m'fumbi. Panatsala kanthawi kochepa. Koma Naziha anakumbukira khoma la amayi ake. Mwezi umatsika chopendekera, chakumanja.

Anasuntha bango. Analiloza m'munsi pang'ono. Analiloza kumanja pang'ono. Analiloza pamene panalibe kanthu.

"Ababa, musadzuke. Ikani diso apa."

"Mulibe kanthu, Naziha."

"Inde, mulibe. Tisauthamangitse. Tiudikirire panjira pake."

A Mabruk anadikira. Ife tinadikira. Tawuni yonse inadikira. Naziha ankawerenga chapansipansi.

"Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi."

A Mabruk anapuma mwamphamvu.

"Aa! Uwu ukulowa! Ukulowa m'bango!" Kenako anafuula. "Ndauona! Ndauona!"

A Shehe anawerama. Mboni imayenera kufunsidwa.

"Nyanga zake zaloza kuti, a Mabruk?"

"Zaloza m'mwamba, chakumanzere."

"Ndi umenewo. Koma mboni ndi imodzi. Yachiwiri ili kuti?"

Amuna onse anayang'anana. Palibe anali atauona. Naziha anasunthanso bango. Kenako anandiyang'ana ine.

"Amalume a Tijani, bwerani. Fulumirani."

Ha! Ine amene ndinamutsekera khomo. Ndinagwada. Malaya anga atsopano anada. Ufa unandimatirira pa tsaya. Ndinadikira. Ndipo kamwezi kaja kanalowa m'bango.

"Nanenso ndauona," ndinatero motsitsa.

"Sitinamve!" anatero mnzanga uja. "Lumo, lankhulani!"

"Nanenso ndauona!"

Ng'oma inalira. Gu! Gu! Gu! Amayi analulutira pamadenga onse. Ana anathamanga ndi mathireyi. Mawa Idi! Mawa Idi!

"Kiyi ndi yanu, a Mabruk," anatero a Shehe.

A Mabruk anagwira mutu wa Naziha.

"Ine ndauona, inde. Koma waupeza ndi mwana uyu. Aliyense amve zimenezo."

Aliyense anamva. Ine ndinaonetsetsa. Wometa sasunga nkhani.

Pobwerera kunyumba, Naziha anagwira dzanja la bambo ake.

"Ababa, mwauona bwino?"

"Pang'ono chabe. Ngati tsitsi limodzi la imvi."

"Ndikadzakula, ndidzakubweretserani bango lalikulu. Mudzauona bwinobwino."

A Mabruk anaseka. A Zakia anali pakhomo, manja m'chiuno.

"Ufa wanga uli kuti?"

"Uli pa tsaya la Amalume a Tijani," anatero Naziha.

Zaka zinapita. Naziha anakula. Masamu ankawakonda ngati uchi. Anatsiriza sukulu ya kwathu. Aphunzitsi anati, "Mwana uyu akaphunzire ku Tunis, kulikulu."

Anthu anayamba kulankhula.

"Mtsikana kupita kutali chonchi?"

"Akaphunzire chiyani? Nyenyezi? Nyenyezi zimadyedwa?"

Akanena zimenezi kometera kwanga, ine ndinkaimitsa lumo.

"Nenaninso, ndikusiyeni ndi mutu wometa mbali imodzi."

Ankasintha nkhani.

Naziha anakwera basi. A Zakia anamupatsa timakeke ta tende. A Mabruk anamupatsa bango lija. Basi inanyamuka. A Mabruk anakupiza dzanja nthawi yaitali. Ankakupizira mbali yolakwika. Ndinawatembenuza.

Makalata anayamba kubwera. A Mabruk sankatha kuwawerenga. Ankabwera nawo kwa ine. Ine ndinkawerenga mokweza. Aliyense ankamvetsera, thovu lili kumaso.

"Ababa, m'kalasi muli anyamata makumi atatu. Mtsikana ndine ndekha. Tsiku loyamba anandifunsa ngati ndasochera. Ndinawauza kuti sindisochera, ndimadziwa nyenyezi."

"Wawauza!" anafuula a Mabruk.

Kalata ina inabwera.

"Ababa, ndakhoza mayeso. Ndakhala woyamba."

Kalata inanso inabwera.

"Ababa, paphiri lina pali nyumba yoonera nyenyezi. Denga lake ndi lozungulira. Limatsekuka pakati. M'kati muli telesikopu. Ili ngati bango, koma ndi yachitsulo. Ili ndi magalasi m'kati. Imakoka zakutali kuti zibwere pafupi. Ndapempha ntchito kumeneko. Andiyankha kuti mkazi sanagwirepo ntchito imeneyi."

A Mabruk anagwetsa nkhope. Ine ndinapsa mtima. Kenako ndinakumbukira khomo la nsanja lija. Ndinachita manyazi.

Naziha sanabwerere m'mbuyo. Anapemphanso. Anapempha kachitatu. Anawatumizira kope la masamu ake. M'kopemo analemba za mwezi. Analemba tsiku, nthawi ndi malo pamene udzaonekere. Analemba za chaka chonse. Akuluakulu a panyumba ija anadikira kuti alakwitse. Mwezi woyamba unabwera pamalo pake. Wachiwiri unabwera pamalo pake. Wachitatu chimodzimodzi.

Anamutsekulira khomo.

Naziha anakhala katswiri wa zakuthambo. Anali mkazi woyamba panyumba ija. Ankajambula nyenyezi. Ankaziyeza kuwala. Zina zimawala kwambiri, kenako n'kuchepa mphamvu. Naziha ankaziwerengera masiku. Ankalemba mabuku. Ankaphunzitsa anyamata. Kenako atsikana anayamba kubwera. Anabwera awiri. Anabwera asanu. Anabwera ambiri.

Tsiku lina ndinkameta a Shehe. Wailesi inkalankhula pashelefu. Mwadzidzidzi ndinamva mawu.

"Dzina langa ndine Naziha, mwana wa a Mabruk."

Ndinadumpha! Lumo linadutsa. Ndevu za a Shehe zinagwa mbali imodzi. Ndinathamangira kunja.

"Naziha ali pa wailesi! Naziha wathu!"

A Shehe ananditsatira ndi theka la ndevu. Nawonso ankafuula.

Koma kunyumba zinthu sizinali bwino. Maso a a Mabruk anafookeratu. Ndinawadulira bango lina. Ndinawamatira ndi ufa. Ndinayesa kuloza ngati Naziha. Sizinathandize. Chaka chinatha osauona mwezi watsopano. Chachiwiri chinatha. Chachitatu chinayamba.

A Shehe sanaitanitse kiyi. Koma a Mabruk ankadziwa okha. Tsiku lina anabwera kometera kwanga. Anavula kiyi m'khosi.

"A Tijani, tengani. Munkaifuna kalekale."

Kiyi ija inali pamaso panga. Yaikulu, yakuda, yolemera. Ndinaika manja kumbuyo.

"Sindilandira."

"Ine sindidzauonanso mwezi."

"Mwana uja analonjeza bango lalikulu."

"Anali mwana pamenepo."

"Mwana ameneyo sanalakwitsepo tsiku. Valani kiyi yanu."

Madzulo omwewo ndinalemba kalata. Inali yaifupi. "Naziha, bambo ako akufuna kupereka kiyi. Ndine Tijani."

Ramadani inafika. Yankho silinabwere. Masiku khumi anapita. Masiku makumi awiri anapita. Basi ikafika, ndinkathamangira kukaona. Palibe. Ndinayamba kuda nkhawa.

Tsiku la makumi awiri ndi asanu ndi anayi linafika. Masana basi inaima. Munatsika mayi wamtali wovala magalasi. Anali Naziha! Pamwamba pa basi panali bokosi lalitali. Amuna anayi analitsitsa akubuula.

"Muli chiyani umu? Ngamila?"

"Muli bango la Ababa," anatero Naziha. "Ndinalipanga ndi ana a sukulu anga. Galasi lake tinalipera miyezi isanu. Pepani kuchedwa, Amalume."

Tinalikweza pangolo ya bulu. Tinapita nalo kunsanja. Koma masitepe a nsanja ndi opapatiza. Ndi okhotakhota. Tinayesa chamutu. Tinayesa cham'mbali. Bokosi linakana. Dzuwa linali likupendeka.

"Nanga titani?" anafunsa a Shehe.

"Denga la Amayi ndi lalikulu," anatero Naziha. "Tikoka ndi zingwe."

Tinakoka ndi zingwe. Amayi a m'nyumba zoyandikana analandira pamwamba. Kenako ife amuna tinalowa m'nyumba. Ine ndinali patsogolo. Pamasitepe ndinapeza a Zakia. Anali atatambasula manja.

"A Tijani, mukupita kuti?"

"Padenga, Mayi."

"Amuna sakwera kuno!"

Amayi onse anaseka pamwamba. Anaseka mpaka kugwirana. A Zakia anali atasunga mawu amenewa zaka makumi awiri.

"Ndalakwa, Mayi. Ndinalakwa kalekale."

"Mwezi sudikira," anatero a Zakia. "Dutsani. Koma musandipondere tsabola."

Tinakwera. A Shehe anaima pakati pa zovala zoyanika. Khoma lija linalipobe. Timiyezi takuda tinali pomwepo.

Naziha anaimika telesikopu pa miyendo itatu. Inali yaitali kuposa ine. Anaivundikira ndi nsalu.

"Aliyense asasuzumire dzuwa lisanalowe," anatero. "Dzuwa limaotcha maso."

"Nanga ufa umamata pati?" ndinafunsa.

"Iyi sifuna ufa, Amalume."

"Mulungu atamandike," anatero a Zakia.

Dzuwa linalowa. Tinadya tende. Tinamwa madzi. Naziha anachotsa nsalu. Anayang'ana m'kope mwake. Anayang'ana wotchi. Kenako anatambasula dzanja. Anatsinzina diso limodzi.

"Dzuwa apa. Mwezi apo."

Anaika mpando. Anagwira bambo ake pamkono. Anawakhazika bwinobwino.

"Ababa, ikani diso apa."

A Mabruk anaika diso. Kiyi inkalendewera pachifuwa pawo.

"Mulibe kanthu, mwana wanga."

"Inde, mulibe."

A Mabruk anamwetulira. "Tiudikirire panjira pake," anatero.

Tinadikira. Pamadenga onse panali anthu. Bwanji akapanda kuuona? Naziha ankawerenga chapansipansi.

"Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi. Zisanu."

A Mabruk sanasunthe.

"Zisanu ndi imodzi."

Dzanja lawo linafunafuna m'mbali. Linapeza dzanja la Naziha. Linaligwira zolimba.

"Naziha."

"Ababa?"

"Ndi waukulu! Ndi waukulu ngati chikwakwa!" Misozi inatsika m'masaya mwawo. "Uli ndi timano m'mphepete. N'chiyani chimenechi?"

"Ndi mapiri, Ababa. Kumwezi kuli mapiri."

"Mapiri! Zaka zonsezi, ine osadziwa!"

Anaimirira. Anadzaza chifuwa ndi mpweya. Anafuula kuti tawuni yonse imve.

"Ndauona! Ndauona!"

"Nyanga zake zaloza kuti?" anafunsa a Shehe.

"Bwerani mudzaone nokha!"

A Shehe anasuzumira. Ine ndinasuzumira. A Zakia anatikankha, n'kusuzumira nawonso. Mboni zinachuluka tsiku limenelo.

Ng'oma inalira. Gu! Gu! Gu! Amayi analulutira. Ana anathamanga ndi mathireyi. Koma atsikana ena sanathamange. Anaima pamzere. Ankafuna kusuzumira mu telesikopu.

A Mabruk anavula kiyi m'khosi. Anayang'ana kumene kunali a Shehe.

"Agogo anga anaivala. Bambo anga anaivala. Ine ndaivala. Kodi mundilola?"

A Shehe anasisita ndevu. Zinali zitameranso.

"Kiyi ndi ya wodziwa njira ya mwezi," anatero.

A Mabruk anaveka Naziha kiyi ija. Naziha anaigwira ndi manja awiri. Katswiri wa pa wailesi uja analira ngati mwana. A Zakia anawakumbatira onse awiri. Manja awo anali ndi ufa.

Inali kiyi yomwe ija. Kiyi imene ndinaikonzera chingwe. Ndipo amene anaomba m'manja kwambiri ndani? Ndine. Ndinaomba mpaka manja kuwawa.

Lero Naziha amabwera Ramadani iliyonse. Amatsekula nsanja yekha. Atsikana amakwera pambuyo pake, aliyense ndi bango lake. Ine ndakalamba tsopano. Masitepe aja sindiwathanso. Ndimaima pansi, pakhomo. Ntchito yanga ndi kuwagwirira chitseko.